Chigwa Chimene Chidakana Kavalo

Munthu wotsika chitunda cha ku Blantyre m'mawa, akafika pa Thabwa nawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, nalondola msewu wa ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula kufikira ku Nsanje, adzaona ng'ombe zoyenda m'magulumagulu zikuutsa fumbi, adzaona mbuzi zosawerengeka, abulu okoka ngolo za thonje, ndi anyamata a kabaza akupalasa njinga thukuta lili kamukamu. Koma ngakhale atayenda mpaka ku Marka, pamalire ndi dziko la Mozambique, sadzakomana ndi mlimi wokwera pa kavalo. Dzina la nyamayi alidziwa mwana aliyense amene adakhalapo m'tchalitchi, pakuti m'Buku Lopatulika akavalo a Farao ndi a Solomo atchulidwa kawirikawiri. Koma dzinalo tidabwereka kwa Apwitikizi, monganso dzina la bulu, ndipo lidafika m'chigwa muno nkumera mizu pamene mwini dzina adalephera kukhazikika. Nkhani ya kulephera kumeneko njakale ndithu, ndipo gwero lake lili m'malo amene maso a makolo athu sakadatha kufikamo, ndiwo magazi a nyamayo ndi timitsempha ta m'mapapo ake.

Makolo a Amang'anja, amene ali nthambi ya Amaravi, adachokera kutali, ku dziko limene akuluakulu amalitcha Uluwa, m'dera la Katanga ku Congo, ndipo ulendo wonsewo adauyenda ndi mapazi, akazi atasenza mbewu ndi miphika, amuna atagwira uta ndi nkhwangwa. Kalonga atakhazika likulu lake ku Mankhamba pafupi ndi nyanja, abale ake a fuko la Phiri adabalalika kukafuna malo. Kaphwiti adatsikira kummwera, ndipo Lundu, amene poyamba adali pansi pake, adapitirira nakamanga ku Mbewe ya Mitengo, kufikira dzina lake lidaphimba la mkulu wake. Chuma cha anthu amenewa chidali makasu osula okha, mchere wotcheza kuchokera m'dothi la m'chigwa, nsalu za thonje zoomba pamanja zotchedwa machila, minyanga ya njovu, mapira a kumunda ndi mbewu za kudimba. Ziweto zawo zidali mbuzi, nkhuku ndi agalu osakira nyama. Katundu wolemera ankayenda pamutu kapena m'mwadiya, bwato losema mu mtengo umodzi, limene mpaka lero ndilo bwenzi la munthu wa ku Chiromo ndi ku Makhanga. Ngakhale Mbona, amene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, akuluakulu amasimba kuti adathawa adani ake wapansi, nasiya zizindikiro za thupi lake pamiyala pamene ankapumira, kufikira adamupha ku Ndione, kumene magazi ake adasanduka mtsinje. M'mbiri zonsezi mulibe mfumu yokwera pamsana pa nyama. Ku Mali, ku Borno ndi ku Oyo maufumu adakula pa ziboda za akavalo, ndipo ku Ethiopia mfumu inkadziwika ndi dzina la kavalo wake. Kuno ufumu udakula pa mapazi a anthu ndi pa nkhafi.

Akavalo oyamba odziwika bwino m'mbiri ya dera lino adafika ndi nkhondo. Apwitikizi adakhazikika pa Sena ndi pa Tete m'zaka za m'ma 1530, atakopeka ndi golide wa kwa Mwenemutapa. Ndipo m'chaka cha 1561 wansembe wawo, Gonçalo da Silveira, ataphedwa ku likulu la mfumuyo, Sebastião mfumu ya ku Portugal adapeza chifukwa chotumizira asilikali. Francisco Barreto, amene kale adali bwanamkubwa wa Apwitikizi ku India, adanyamuka ku Lisbon mu 1569 ndi anthu pafupifupi 1,000, ndipo kumapeto kwa 1571 adafika pa Sena, mtunda wa masiku awiri kapena atatu wapansi kuchokera ku Nsanje, ali ndi mizinga, abulu, ngamila ndi akavalo. Adafika mvula itangoyamba, nyengo imene udzudzu ndi tizilombo tonse touluka tili pachimake, ndipo sadafunse eni dziko kuti nchifukwa ninji m'chigwa chonsecho munalibe nyama yoteroyo. Safunsa adadya phula. Asilikali adayamba kugwa ndi malungo, akavalo nawo adayamba kufa mmodzimmodzi. Ndipo Apwitikiziwo, posafuna kukhulupirira kuti dziko lokha lingathe kuwagonjetsa, mlandu adaugwetsera pa amalonda achisilamu amene adawapeza pa Sena, nati adathira ululu m'msipu ndi m'madzi. Wansembe Francisco Monclaro, amene adali nawo pa ulendowo nalemba zonse, asimba za kuphedwa kwa amalondawo mwankhanza yosaneneka, ena atamangiriridwa kukamwa kwa mzinga. Akavalo sadaleke kufa. Barreto mwini adatsikira kuli chete pa Sena pomwepo mu 1573, golide asanamuone. Ndipo patapita zaka zosakwana 20, mu 1592, ankhondo apansi amene Apwitikizi ankawatcha Azimba, amene olemba mbiri ambiri amawalumikiza ndi Lundu, adapha akapitawo a Sena ndi Tete kumpoto kwa Zambezi.

Chimene chidatha akavalo a Barreto sichikadadziwika m'masiku amenewo, pakuti ngakhale ku Ulaya anthu adali asanamvetse njira imene magazi ayendamo. Sing'anga wachiarabu wa ku Cairo, Ibn al-Nafis, adali atalemba kale m'zaka za m'ma 1200 kuti magazi achoka kumanja kwa mtima nadzera m'mapapo asanafike kumanzere, koma mawu ake adagona m'mabuku osawerengedwa. Mu 1598 mudatuluka ku Bologna buku la Carlo Ruini lofotokoza ziwalo za kavalo ndi zithunzi zojambula mwaluso. Mu 1628 William Harvey wa ku England adasonyeza kuti magazi azungulira thupi lonse nabwerera kumtima. Ndipo mu 1661 Marcello Malpighi, poyang'ana phapo la chule pa galasi lokuza zinthu, adaona timitsempha tosaoneka ndi maso timene tilumikiza mitsempha yotuluka mumtima ndi yobwerera. Pa maziko amenewa mpamene madokotala a ziweto adamanga nzeru imene tili nayo lero, ndipo nkoyenera kuti tiime pang'ono tiione, pakuti popanda iyo mbiri ya chigwa chino simveka.

Aliyense amene adakhalapo potumbula mbuzi pa ukwati kapena pa maliro awadziwa mapapo: ofewa, opepuka, otuwa mofiirira, ndipo mwana wosewera akauzira mpweya m'kholingo amafufuma ngati chikhodzodzo. Mapapo a kavalo ngakulu koposa, agona pansi pa nthiti 18 mbali iliyonse pamene ng'ombe ili nazo 13, ndipo ngosalala, alibe mipata yozama yowagawa m'zigawozigawo monga a ng'ombe. M'menemo muyenda mitundu iwiri ya mitsempha. Woyamba ndi mtsempha waukulu wotuluka m'chipinda cha kumanja cha mtima, wonyamula magazi akuda amene atha ntchito m'thupi. Umenewu ugawika pawiri, nthambi ina kuphapo la kumanja, ina kumanzere, ndipo nthambi iliyonse itsata njira ya mpweya nigawikagawika pamodzi nayo, monga Shire akalowa m'dambo la Elephant Marsh amwazikana m'timifuleni tosawerengeka pakati pa bango ndi gumbwa. Kumapeto kwake timitsemphato tikuta timatumba ta mpweya ngati ukonde, ndipo pamenepo magazi ataya mpweya woipa natenga wabwino, nafiira. Kenaka timifulenito tisonkhananso, monga mtsinje ubwerera m'khwawa limodzi pa Chiromo, ndipo mitsempha yobwerera itsanulira magazi ofiirawo m'chipinda cha kumanzere. Mtundu wachiwiri ngwaung'ono, ndipo uchokera ku mtsempha waukulu wa kumanzere umene udyetsa thupi lonse. Ntchito yake ndiyo kudyetsa mapapo eni akewo, makoma a njira za mpweya ndi kachikopa kokuta kunja, pakuti wophika naye amadya.

Chodabwitsa chili pa khoma lolekanitsa magazi ndi mpweya. Kuchindikala kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo liyenera kukhala lopyapyala chotero kuti mpweya udutse msanga. Koma kuseri kwa khoma limenelo kuli mtima wolemera makilogalamu 4 kapena kuposerapo, umene pamene kavalo ali kupuma ugunda ka 30 kapena ka 40 pa mphindi, ndipo akathamanga ndi mphamvu zake zonse upitirira ka 220. Pa liwiro lotero kapamba afinya magazi amene adasunga nawathira m'mitsempha, mphamvu ya magazi olowa m'mapapo ikwera katatu kapena kanayi, ndipo nyamayo, imene sipumira kukamwa koma m'mphuno mokha, ikoka mpweya kamodzi pa kulumpha kulikonse. Nchifukwa chake akavalo ambiri a mpikisano, madokotala akawaunika pambuyo pa liwiro, awapeza ndi magazi m'njira za mpweya, timitsempha titaphulika kumbuyo kwa mapapo cha kumsana. Namalenga adaipatsa nyamayi liwiro, koma khoma adalisiya lopyapyala. Ndipo mdani wa m'chigwa chotentha adadzera pakhoma pomwepo.

Mdaniyo ndi kachilombo ka nthenda ya akavalo ya mu Africa, kamene kayenda ndi tintchentche tating'ono koposa udzudzu, toswana m'matope ndi toluma dzuwa likamalowa ndi mbandakucha. Kakalowa m'magazi kaswana, kenaka kaononga kachikopa ka m'kati mwa timitsempha, makamaka ta m'mapapo ndi ta mumtima. Ndipo timitsemphato tikayamba kuchucha, madzi a m'magazi adzaza timatumba timene muyenera kukhala mpweya. Kavalo wogwidwa chotero aima atatangadza miyendo, atatambasula khosi, mphuno zili bankhu, thukuta lili chuchuchu, akutsokomola. Ndipo patapita maola owerengeka thovu lituluka m'mphuno ngati la mowa wowira, nagwa, atamira m'madzi a thupi lake lomwe ali pamtunda pouma. Mwa akavalo 10 ogwidwa m'mapapo motere, opulumuka safika ndi mmodzi yemwe. Mabunu a ku South Africa adaitcha nthendayi dunkop ikagwira mapapo, ndi dikkop ikagwira mtima nkutupitsa mutu pamwamba pa maso. Mbidzi ikhala nako kachilomboka osadwala, ndipo ndiyo nkhokwe yake. Bulu wa kuno kawirikawiri apirira. Nyulu ili pakati. Mdani wachiwiri ndi kashembe, ntchentche yoyamwa magazi a njati, njiri, ngoma ndi mbawala, imene isiya m'thupi la chiweto tizilombo tosungunula magazi pang'onopang'ono, kufikira nyamayo iwonda, itupa kumimba, nifa patapita masabata. Akatswiri a matenda a ziweto amawerengera zolemba za Monclaro pakati pa maumboni oyamba a nthenda ya akavalo mu Africa, pamene olemba mbiri ena amaloza kashembe. M'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire adani onse awiriwa adali pakwawo. Amalonda a pa Sena adafera ntchentche.

Kummwera kwa Africa, kumene azungu adaumirira kuweta akavalo, mliriwu unkabwera ndi zaka za mvula yambiri: mu 1719 udapha akavalo pafupifupi 1,700 ku Cape, ndipo mu 1854 ndi 1855 udapha pafupifupi 70,000. Alimi a kumeneko adaphunzira kukweza ziweto zawo kumapiri dzinja likamayandikira ndi kuzitsekera m'khola usiku, osadziwa chimene akuthawa. Ambiri ankati ndi mame. Kuno kwathu, pa zaka zonse za maprazo, ndiwo minda yaikulu ya Apwitikizi, ndi ankhondo awo otchedwa Achikunda, mwini prazo ankayenda m'bwato kapena atagona m'nsalu yopachika pamtengo, akapolo atamusenza.

David Livingstone adalowa m'Shire mu Januwale 1859 pa sitima yotchedwa Ma Robert, nadutsa kwa Tengani kumene anthu adamulandira mauta ali m'manja, nawerenga njovu pafupifupi 800 m'dambo limene adalitcha Elephant Marsh, nafika kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, kufikira mathithi a Kapichira adamutsekera njira. Iyeyu ankamudziwa kashembe, pakuti adali atataya ng'ombe zambiri pa maulendo ake oyamba, ndipo nchifukwa chake mtima wake udali pa mtsinje: madzi salumidwa ndi ntchentche. Zaka zotsatira zidali za misozi. Paul Mariano, amene anthu adamutcha Matekenya, ankagwira akapolo kunsi kwa chigwa. Chilala cha 1862 ndi 1863 chidagwetsa midzi yathunthu, mitembo nkumayandama m'Shire. Bishopu Charles Mackenzie adamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira m'Shire, bwato lake litagubuduzika usiku ndi kutaya mankhwala ake a malungo. Kuti timvetse kusowa kwa ziweto m'masiku amenewo, tikumbuke mnyamata Richard Thornton, katswiri wa miyala, amene mu 1863 adayenda wapansi kuchokera kwa Chibisa mpaka ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa zoti amishoni adye, nabwera nazo atatheratu mphamvu, namwalira m'mwezi wa Epulo. Livingstone sadataye mtima pa nkhani ya nyama zonyamula katundu: mu 1866, polowera ku mtsinje wa Rovuma, adatenga ngamila, njati zoweta za ku India, nyulu ndi abulu kuti aone imene ingapirire, ndipo pafupifupi zonse zidathera m'njira.

Amakololo amene adabwera naye kuchokera ku Zambezi wakumtunda, Kasisi, Mlauli, Chipatula, Maseya, Katunga ndi anzawo, adali ana a anthu oweta ng'ombe. Koma atatsala m'chigwa nalanda ufumu wa Amang'anja otheratu ndi njala, chuma chawo chidakhala mfuti, minyanga ndi anthu. Ndi iwowa amene mu 1875 adasonkhanitsa mazana a amuna osenza zidutswa za sitima ya Ilala, ya amishoni a Livingstonia, kuzilambalalitsa mathithi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kufikira sitimayo idalowa m'nyanja pa 12 Okutobala. Ntchito imene m'maiko ena ikadagwiridwa ndi ngolo za akavalo, kuno idagwa pa makosi a anthu. Kampani ya African Lakes, imene tonse tiidziwa ndi dzina la Mandala, itayamba mu 1878, katundu wake ankatsika m'sitima padoko la kwa Katunga nakwera chitunda cha ku Blantyre pamitu ya amtengatenga. Ndipo boma la Angerezi litakhazikika mu 1891 pansi pa Harry Johnston, nkuika msonkho wa nyumba, amuna ambiri adapeza kuti njira yapafupi yopezera ndalama ya msonkho ndiyo kusenza.

Pano mpamene liwu loti machila lidasanduka. Kale lidali dzina la nsalu imene Mmang'anja ankaomba monyadira, yogulitsidwa mpaka ku Zambezi. Tsopano lidakhala dzina la chonyamulira chimene bwana, dona kapena mmishoni ankagonamo, amuna awiri kapena anayi atasenza mtengo pamapewa akuthamanga, anzawo akutsata pambuyo kudikira kulandizana, onse akuimba kuti mapazi agwe pamodzi. Azungu a nthawiyo adalemba za maulendo amenewa mokondwa, natamanda mphamvu ndi nyimbo za onyamulawo. Koma ife polingalira tiona kuti nthenda imene idateteza chigwa kwa okwera pa akavalo a Barreto, ndi yomweyo imene idasandutsa adzukulu a Lundu kukhala akavalo a anthu ena. Walira mvula walira matope. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 mtolowo udafika poipitsitsa, pakuti akavalo ndi nyulu zimene ankhondo adapita nazo ku East Africa zidafa mwaunyinji ndi kashembe ndi nthenda ya akavalo, ndipo Nyasaland adapereka amtengatenga pafupifupi 200,000, ena a iwo osabwerera.

Nzeru idafika, koma mochedwa. Mu 1895 David Bruce, ali ku Zululand, adasonyeza kuti kashembe alibe ululu wakewake koma angosamutsa tizilombo kuchokera ku nyama zakutchire. Pambuyo pake adadzagwiranso ntchito ku Nyasaland kufufuza kaodzera, nkhondo yaikulu isanayambe. Mu 1900 John McFadyean ku London adapeza kuti choyambitsa nthenda ya akavalo nchaching'ono kotero kuti chidutsa m'sefa yogwira tizilombo tonse todziwika panthawiyo. Arnold Theiler, Mswisi wa dzanja limodzi amene adayambitsa malo ofufuzira a Onderstepoort pafupi ndi Pretoria mu 1908, adathera zaka zambiri pa nthenda yomweyi. Katemera wodalirika adapezeka komweko m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1944 René du Toit adatsimikiza kuti tintchentche tija ndito tifalitsa. Koma pofika nthawiyo chigwa sichidafunenso kavalo. Njanji yochokera ku Port Herald, ndiye Nsanje wa lero, idafika ku Blantyre mu 1908. Idatalikitsidwa kufika ku Chindio pa Zambezi mu 1915. Ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, udalumikiza Mutarara ndi Sena yemwe uja wa Barreto. Akavalo ochepa amene azungu adaweta m'dziko muno adakhala kumtunda kozizira, ku Zomba, ku Thyolo ndi ku Mulanje, a masewera ndi oyendera m'minda ya tiyi, otsekeredwa m'khola dzuwa lisanalowe.

M'chigwa, nyama imene idasintha moyo wa anthu ndi ng'ombe. Mliri waukulu wa ng'ombe wa m'zaka za m'ma 1890, umene udalowera ku Eritrea nuwoloka Zambezi mu 1896, udapha njati ndi nyama zina zakutchire pamodzi ndi ziweto, ndipo m'madera ambiri kashembe adabwerera m'mbuyo posowa chakudya. M'zaka zomwezo Asena adayamba kuwoloka malire mwaunyinji, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, makamaka pambuyo pa nkhondo ya Makombe ya 1917. Adadza ndi mwambo wolowola ndi wotengera mkazi kwa mwamuna, wosiyana ndi chikamwini cha Amang'anja, ndipo adagwetsa tchire nadzala thonje. Tchire likatha, kashembe asowa mthunzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 nyanja itakwera, Shire adasefukira namiza madimba a ku Dinde amene adadyetsa anthu mibadwomibadwo, monga afotokozera Elias Mandala, mwana wa m'chigwa momwemo, m'mabuku ake a mbiri. Madzi saiwala khwawa. Anthu adasamukira kumtunda, ndipo m'zaka zotsatira, amene adali ndi kandalama ka thonje, ka nsomba kapena ka ku Joni ndi ku Harare adayamba kukasunga m'khola. Lero Chikwawa ndi Nsanje awerengedwa pakati pa maboma a ng'ombe zambiri m'Malawi, ndipo nyama yochuluka yodyedwa mu Blantyre ikwera chitunda chomwe chija chimene amtengatenga ankakwera. Mavuto ake ngatsopano: msipu udachepa kuyambira pamene kampani ya Lonrho idatsegula minda ya nzimbe ku Nchalo mu 1965; mikangano ya abusa ndi alimi a kudimba siitha; ndipo nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, imene njati za ku Lengwe zikhala nayo, ikabuka boma litseka misika, alimi nkukhala ndi chuma chosagulitsika.

Ndipo bulu, wonyozeka uja, amene Barreto adamutenga ngati wantchito wa akavalo, ndiye adatsala. Sathamanga, motero mtima wake sufinya mapapo. Tintchentche timuluma, koma kachilombo kamene kamiza kavalo m'maola owerengeka kawirikawiri kangomupatsa kutentha thupi kwa masiku pang'ono. Adya zimene ng'ombe ikana, napirira dzuwa la mwezi wa Okutobala limene ku Ngabu lipitirira madigiri 40. Amene adayendapo m'misewu ya fumbi ya kwa Ngabu ndi kwa Chapananga awadziwa abulu awiri kapena atatu omangidwa pagoli lopangira ng'ombe, akukoka migolo ya madzi, matumba a mapira kapena wodwala wopita kuchipatala, kamnyamata kali pamwamba ndi mkwapulo. Goli limenelo silidapangidwire khosi la bulu ndipo limamutupula zilonda, koma eni ake ambiri alibe china.

Mbidzi nazo, zimene zidatheratu ndi alenje, zidabwerera ku Majete pamene bungwe la African Parks lidayamba kusamalira nkhalangoyo mu 2003 ndi kubwezeramo nyama. Kuti kachilombo koyenda ndi mbidzi sikadafooke, a ku Spain adakuona mu 1987, pamene mbidzi zochokera ku Namibia zidafika kumalo oonetsera nyama pafupi ndi Madrid, nthenda nkubuka nkupha akavalo ambirimbiri kwa zaka zingapo. Ndipo mu 2020 idabukanso ku Thailand. Nchifukwa chake maiko a ku Ulaya salola kavalo wochokera kumadera a kuno kulowa popanda kubindikiritsidwa nthawi yaitali, ndipo oweta akavalo kummwera kwa Africa amabayitsa katemera chaka ndi chaka mvula isanagwe.

Njanji imene idachotsa mtolo pamitu ya anthu nayo sidakhalitse monga adayembekezera oimanga. Nkhondo ya ku Mozambique idaononga mlatho wa Dona Ana m'zaka za m'ma 1980, pamene othawa nkhondo adadzaza Nsanje kufikira adaposa eni mudzi. Ndipo mu 1997 madzi adakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, nasiya phompho limene anthu adalitcha Mtayamoyo. Kwa zaka zambiri kuyambira pamenepo, wopita kutsidya la kummawa, kwa Mlolo ndi ku Makhanga, ankatsika pa kabaza, nakweza njinga, mbuzi ndi thumba la ufa m'bwato, nakhala chete pamene wopalasa akuyang'ana ng'ona ndi mvuu. Madzi a 2015, a namondwe Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy m'Malichi 2023 atamiza midzi ndi kukokolola ng'ombe m'makola, anthu okakamira pamitengo ndi pazulu ambiri adatsitsidwa ndi asodzi a m'mudzi momwemo, atabwera ndi mwadiya wosema mu mtengo umodzi.